Mawu opatulika a Abuda: malonjezo alipo, malire aliponso

Lemba lina la Chibuda, limene mmonke wa ku India dzina lake Bhagavaddharma analimasulira m'Chitchaina cha m'ma 650, limatchula imfa 15 zimene sizidzamugwera munthu wobwereza mawu ake. Sadzafa ndi njala. Sadzafera m'ndende akukwapulidwa, m'manja mwa adani kapena kunkhondo. Chilombo sichidzamudya, njoka ndi chinkhanira sizidzamupha, madzi ndi moto sizidzamutenga. Sadzadyetsedwa poizoni, sadzalodzedwa, sadzagwa mumtengo kapena kuphompho, sadzachita misala, ndiponso sadzadzipha. Mawu ake ndi a Dharani ya Chifundo Chachikulu, imene Atchaina amaitcha Dabei Zhou, ndipo mpaka lero imamveka tsiku ndi tsiku m'akachisi a ku China, Taiwan, Vietnam, Korea ndi Japan.

Wina akamva mndandanda wotere amangopukusa mutu, n'kuti izi ndi zithumwa basi, changosiyana ndi chinenero. Mnzake mtima umamuthamanga, akufuna apatsidwe mawuwo msangamsanga, auzidwenso kuti azinena kangati patsiku kuti ngongole ithe kapena matenda achoke. Ine ndikuti onse awiriwa alekeza kuwerenga panjira. Malemba a Chibuda amalonjezadi zazikulu, sindikana. Koma malemba omwewo ndi amene amaika malire pa malonjezowo, ndipo phindu limene amalimbikirapo koposa ndi la zimene mawuwo amachita mwa munthu wowanena ndi mwa wowamva.

Tiyambe tadziwa zimene tikukambazi. M'mayiko a Chibuda cha Theravada, monga Sri Lanka, Myanmar, Thailand, Laos ndi Cambodia, muli ma paritta, ndime za m'malemba a Chipali zimene zimanenedwa pofuna chitetezo. M'Chibuda cha Mahayana muli ma dharani, mawu aataliatali a Chisansikiriti amene omasulira ankangowalemba monga amamvekera, komanso ma mantra omwe ndi aafupi, ngati Om mani padme hum wotchuka ku Tibet, amene akupezeka m'lemba la Karandavyuha. Palinso mwambo wobwereza dzina la Buddha wina wotchedwa Amitabha. Amene anamvapo za Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye ku Blantyre, dzina akulitchulalo ndi lomweli, monga amalinenera Atchaina.

Tsono munthu akatsegula malemba akale kwambiri, a Chipali, chimene amayamba kukumana nacho ndi Buddha wosafuna n'kumva komwe zamatsenga. Mu Brahmajala Sutta muli mndandanda wautali wa ntchito zimene iye anaziletsa kwa odzipereka pa zauzimu amene amadya chakudya chopatsidwa ndi okhulupirira: kuombeza, kumasulira maloto, kulosera poyang'ana zizindikiro za pathupi, mawu omangira munthu lilime, mawu obweretsera wina mwayi kapena tsoka. Zonsezo anazitcha nzeru zotsika. Ku Nalanda, bambo wina dzina lake Kevatta anamuchonderera kuti auze mmonke mmodzi achite chozizwitsa pagulu kuti anthu akhulupirire kwambiri. Buddha anakana. Anati wosakhulupirira akaona zimenezo adzangoti alipo mankhwala otchedwa Gandhari amene munthu amachitira zotere, ndiye mwapindulanji? Chozizwitsa chimene anachivomereza ndi chimodzi chokha, cha kuphunzitsa munthu mpaka asinthe.

Ku Nalanda komweko nyakwawa ina, Asibandhakaputta, inabwera ndi funso la maliro. Inati ansembe a kumadzulo amanena kuti ali ndi mphamvu yokweza wakufa kumwamba ndi mapemphero awo, nanga inu? Buddha anaifunsanso: "A nyakwawa, mukuona bwanji? Munthu ataponya chimwala m'dziwe lakuya, khamu la anthu n'kusonkhana, n'kumazungulira dziwelo manja ali pamodzi, akupemphera kuti yandama mwala wabwino iwe, bwera kumtunda, kodi mwalawo ungayandame?" Nyakwawa inati ayi. Nanga mtsuko wa mafuta utasweka m'dziwemo, khamu lomwelo n'kumapemphera kuti mira mafuta iwe, angamire? Ayinso. Ndi mmene zilili ndi ntchito za munthu, anatero Buddha: wakupha, wakuba ndi wabodza sakwezedwa ndi mawu a khamu, ndipo wolungama samizidwa nawo.

Funso ndi lakuti, mphunzitsi wolankhula chonchi zinatheka bwanji kuti asiyire ophunzira ake mawu achitetezo? Yankho ndimalipeza m'nkhani ya Angulimala, ndipo ndikupempha tikhalepo pang'ono pamenepa.

Angulimala anali chigawenga choopsa m'dziko la Kosala, ankapha anthu n'kumavala zala zawo m'khosi. Atatembenuka n'kukhala mmonke, m'mawa wina akuyenda ndi mbale yake mumzinda wa Savatthi kulandira chakudya, anaona mayi wina akuvutika kwambiri pobereka. Anabwerera kwa Buddha mtima uli wosweka. Buddha anamuuza kuti apitenso akanene kwa mayiyo kuti: "Mlongo wanga, chibadwireni sindikumbukira kuti ndinachotsapo dala moyo wa chamoyo chilichonse. Mwa choonadi chimenechi, mukhale bwino inu ndi mwana wanu." Angulimala sananyamuke. Anati: "Ambuye, kodi limenelo silikhala bodza lamkunkhuniza? Inetu ndachotsa miyoyo yambirimbiri." Buddha anasintha mawuwo kuti akanene za kubadwa kwake kwachiwiri, kuyambira pamene analowa njira yopatulika. Apo Angulimala anapita, ananena, ndipo mayi ndi mwana onse anakhala bwino. Mpaka lero ku Sri Lanka ndi ku Myanmar mawu amenewa amanenedwa kwa amayi oyembekezera masiku akayandikira.

Taonani pamene paima nkhaniyi. Mphamvu ikanakhala m'kamvekedwe ka mawu, oyamba aja akanakwanira, poti anachokera m'kamwa mwa Buddha mwini. Koma wonenayo anaona kuti kwa iye si oona, ndipo mphunzitsi anamumvera. Chimene chinapita kwa mayi uja ndi umboni wa munthu amene analekadi kupha. N'chifukwa chake ndime zambiri za Ratana Sutta, yomwe akatswiri akale omasulira malemba amati inanenedwa mzinda wa Vesali utagwidwa ndi njala ndi mliri, zimathera pa mawu ofanana ndi omwewa, akuti mwa choonadi chimenechi pakhale mtendere.

Ndipo lemba lomwelo la Angulimala silithera pa chisangalalo cha mwana wobadwa. Tsiku lina akuyendanso mumzinda anagendedwa ndi zibuma, miyala ndi ndodo. Anafika kwa Buddha magazi ali chuchuchu m'mutu, mbale itasweka, mkanjo utang'ambika. Buddha sanamupatse mawu otseka bala. Anangomuuza kuti apirire, poti akukolola pano zimene akanakazikolola kwa zaka zosawerengeka kumalo a mazunzo. Mwini wake wa mawu achitetezo otchuka chonchi sanatetezeke ku mwala. Amene amafalitsa timabuku ta malonjezo okhaokha ndime imeneyi amailumpha, koma olemba malembawo anaiika dala pamalo omwewo.

Ma paritta ena akuyenda m'njira yomweyo. Mmonke wina atalumidwa ndi njoka n'kumwalira, Buddha anati mnzawoyo sanafunire zabwino mafuko anayi a njoka, ndipo anaphunzitsa mawu amene lero amatchedwa Khandha Paritta: ndikufunira zabwino opanda miyendo, a miyendo iwiri, a miyendo inayi ndi a miyendo yambirimbiri, ndipo asandipweteke. Ndi mawu osintha mmene munthu wogona m'nkhalango amazionera zamoyo zimene akukhala nazo. Madalitso 11 otchuka a metta, kapena kuti kufunira ena zabwino, monga kugona bwino, kudzuka bwino, kusalota zoopsa, kukondedwa ndi anthu ndi kufa maganizo ali m'malo, lemba limati ndi a munthu amene wauzoloweza mtima wake khalidwe limenelo. Silinena kuti ndi a amene waloweza ndime. Mahakassapa, mmodzi wa ophunzira akuluakulu a Buddha, atadwala kwambiri kuphanga la Pipphali pafupi ndi Rajagaha, Buddha anakamuzonda n'kumutchulira zinthu 7 zofikitsa munthu pa kuunikiridwa, ndipo anachira. Koma zimene anamva zija zinali zinthu zoti iye anakhala akuzichita kwa zaka. Anangomukumbutsa chuma chimene anali nacho kale.

Musaganize kuti funso la wokayika layamba ndi ife a masiku ano. Buku la Milindapanha limasimba za mfumu yachigiriki Milinda, imene akatswiri amati ndi Menander wa m'zaka za m'ma 100 Khristu asanabadwe, ikupanikiza mmonke Nagasena. Mfumuyo inati Buddha ananena kuti kulibe malo, kaya mumlengalenga, pakati pa nyanja kapena m'phanga la phiri, kumene munthu angathawireko imfa, komanso Buddha yemweyo anaphunzitsa ma paritta. Ndiye chimodzi mwa ziwirizi n'chabodza. Nagasena anayankha kuti paritta amathandiza munthu amene masiku ake akadalipo, monga mankhwala amachitira, koma mtengo wouma ngakhale mutauthirira mitsuko 1,000 ya madzi suphukanso. Anatchulanso zinthu zitatu zimene zimalepheretsa paritta: ntchito zoipa zolemera zimene munthu anachita, zodetsa za mumtima, ndi kusakhulupirira. Chachitatucho ndibwereranso, chifukwa chili ndi minga. Koma onani kuti mphunzitsi wa Chibuda, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anavomera pamaso pa mfumu kuti mawu opatulika amatha kulephera.

Ngakhale lemba la imfa 15 lija, mukaliwerenga lonse, lili ndi zipata zake. Limati wofuna kunena dharaniyi ayambe wautsa chifundo kwa zamoyo zonse ndi kuchita malumbiro. Limati zofuna zake zidzatheka, kupatula ngati zili zoipa kapena ngati iye sali woona mtima. Ndipo m'lembamo Brahma, mfumu ya okhala kumwamba, atafunsa kuti dharaniyi maonekedwe ake ndi otani, Avalokiteshvara, wachifundo chachikulu amene anapereka dharaniyi, yemwe Atchaina amamutcha Guanyin, sanatchule zilembo kapena chiwerengero. Anati ndi mtima wachifundo chachikulu, mtima wosakondera, mtima wosakakamira zinthu, mtima waulemu, mtima wodzichepetsa. Munthu amene akufuna mawuwa kuti mnzake wa malonda agwe, lembalo lamutsekera kale kunja.

Pano wowerenga wodziwa angandiimitse, ndipo ali ndi mfundo. Angati ndikutsuka chipembedzo cha eni ake kuti chikomere makutu a masiku ano, ndikusankha ndime zondikomera. Nanga Ushnisha Vijaya Dharani? Lemba limenelo, lomasuliridwa m'Chitchaina ndi Buddhapali cha m'ma 683, limasimba za mmodzi wa okhala kumwamba amene anamva mawu usiku akumuuza kuti wangotsala ndi masiku 7, kenako adzabadwa ka 7 ngati nyama, adzalowa kumalo a mazunzo, ndipo akadzabadwanso munthu adzakhala mmphawi wakhungu. Dharaniyi ndiyo inamupulumutsa. Lembalo limapitirira n'kuti ikalembedwa pamalo aatali, munthu amene mthunzi wake wamufika, kapena fumbi lochokera pamenepo lamugwera, zoipa zake zimafafanizika. Apa palibe za mtima wachifundo kapena za choonadi cha wonena. Fumbi basi. Ndipo anthu anakhulupiriradi, umboni wake ndi zipilala zamiyala zolembedwa dharaniyi zimene zinamangidwa ponseponse m'China m'nthawi ya mafumu a Tang. Mu 776 mfumu Daizong inalamula kuti amonke onse a m'dzikomo, amuna ndi akazi, ailoweze ndipo aziinena ka 21 tsiku lililonse.

Ku Japan zinafika pena. Itagonjetsa kuukira kwa nduna Fujiwara no Nakamaro mu 764, mfumukazi Shotoku inalamula kuti pasemedwe tinsanja tamatabwa 1,000,000, kalikonse kotalika masentimita pafupifupi 21, ndipo m'kati mwake muikidwe kapepala kosindikizidwa dharani. Ntchitoyo inatha mu 770, tinsanjato tinagawidwa ku akachisi akuluakulu 10, ndipo kachisi wa Horyu-ji akusungabe toposa 40,000. Timapepalato sitinali toti munthu awerenge, tinakulungidwa n'kutsekeredwa. Lemba limene anatengamo mawuwo ndi lomwe lija linapezeka mu 1966 m'nsanja yamiyala ya Seokgatap pa kachisi wa Bulguksa ku Korea, lomwe ndi limodzi mwa zosindikizidwa zakale kwambiri padziko lapansi. Ndi zoona kuti luso losindikiza mabuku linakulira m'manja mwa anthu ofuna kuchulukitsa mawu opatulika, ndipo tonse owerenga tili nawo ngongole. Ndi zoonanso kuti lembalo limalonjeza moyo wautali, ndipo mfumukazi Shotoku inamwalira chaka chomwecho cha 770. Nagasena akanati masiku ake anali atakwana.

Sindinganene kuti ndime za fumbi ndi mthunzi kulibe, kapena kuti sizitanthauza zimene zikunena. Zilipo, ndipo zikukokana ndi fanizo la mwala m'dziwe. Chipembedzo cha zaka 2,500, chofalikira kuyambira ku Sri Lanka mpaka ku Mongolia, sichingalankhule ndi pakamwa pamodzi. Chimene ndimaona m'ndime zimenezi, ndipo chimandikhudza, ndi nkhawa ya anthu pa amene sangathe kudzithandiza: wosadziwa kuwerenga, wodwala wosatha kulankhula, womwalira kale, ngakhale mbalame ndi nyerere. Olembawo sanafune kuti chipulumutso chikhale cha ophunzira okhaokha. Honen, mphunzitsi wa ku Japan amene analimbikitsa kubwereza dzina la Amida, Amitabha yemwe uja, analemba mu 1198 kuti chikanakhala choti munthu apulumuke pomanga akachisi ndi kusema mafano, amphawi akanataya mtima, ndipo chikanakhala cha nzeru ndi kuphunzira, osaphunzira akanataya mtima, pamene amphawi ndi osaphunzira ndiwo ochuluka. Mawu aafupi oti aliyense angawanene ali kumunda kapena pamphasa ya matenda anali khomo lotsegulira anthu amenewo. Amene amaseka gogo wa ku Tibet akuzungulitsa gudumu lake la mapemphero aganizirepo kaye pamenepa.

Pamene ndimapatukana nazo ndi pa kuwerengera. Chifundo chija chikangosanduka masamu, akuti kakuti kachotsa machimo akuti, wolemera amayamba kugula zimene wosauka sangathe, ndipo mfumu imene yangokhetsa magazi imatha kuitanitsa tinsanja miliyoni. Mikanda 108 ya m'manja mwa wopemphera ndi yothandiza kuti maganizo asabalalike, koma imathanso kumusandutsa munthu kalaliki wa zabwino zake. Dhammapada, ndakatulo za ziphunzitso za Buddha, inachenjeza kale za ichi: wonena malemba ambiri koma osawachita ali ngati mbusa wowerenga ng'ombe za eni. Imatinso liwu limodzi lopatsa munthu mtendere akalimva liposa mawu 1,000 opanda pake. A Dalai Lama a masiku ano, mtsogoleri wa zauzimu wa ku Tibet, amanenanso zomwezo za Om mani padme hum, kuti n'kwabwino kuwanena, koma wonenayo azilingalira tanthauzo lake.

Tsono kwa wopukusa mutu uja, amene amati kubwereza mawu n'kutaya nthawi, ndili naye mawu. Pali phindu looneka ndi maso, losafuna kuti munthu akhale Mbuda kuti alivomere. Mu 2001 magazini ya zachipatala ya British Medical Journal inafalitsa kafukufuku wa Luciano Bernardi ndi anzake pa anthu 23 athanzi. Anapeza kuti ponena korona m'Chilatini, komanso ponena mantra, kupuma kwa anthuwo kunkatsika kufika pafupifupi ka 6 pamphindi, ndipo kagundidwe ka mtima ndi kuthamanga kwa magazi zinkayenda mogwirizana bwino. Ndi kafukufuku wamng'ono, ndipo sakunena kuti mantra amachiza matenda. Akungotsimikizira zimene Mkatolika wa korona ndi Msilamu wa tasibihi amazidziwa m'thupi mwawo, kuti mawu obwerezedwa mwakachetechete amakhazika munthu pansi. Nyimbo ya pamtondo sikonola chimanga, koma amayi awiri osinja mtondo umodzi amadziwa chimene imachita kuti misi isagundane ndi kuti mikono isafooke msanga.

Ndipo phindu lalikulu silikhala la munthu mmodzi. Ku Sri Lanka, pakhomo pakakhala matenda, nyumba yatsopano kapena chikumbutso cha womwalira, amaitana amonke kudzachezera pirit, ndiko kunena ma paritta, usiku wonse. Amamanga kachisakasa kokongoletsedwa ndi nsalu zoyera ndi masamba a kokonati. Pakati amaika mtsuko wa madzi ndi buku la malemba. Ulusi woyera umachokera pamenepo, umadutsa m'manja mwa amonke, n'kutsikira kwa anthu okhala pamphasa, aliyense n'kugwirako. Asanayambe, anthu onse amalandira malamulo asanu: osapha, osaba, osachita chiwerewere, osanama, osaledzera. Kenako amonke amalandizana awiriawiri mpaka mbandakucha, mawu osaduka. Kukacha ulusi uja amaudula n'kumangirira aliyense padzanja, madzi aja n'kumwako ndi kuwaza. Wina angaone ulusi wokhawo n'kuti si chithumwa ichi? Ena amautengadi motero. Koma ine ndimaona wodwala amene wagona akumva abale ndi anansi ali maso chifukwa cha iye usiku wonse, atagwira chingwe chimodzi, atalonjeza poyera kuti sanama ndipo saba. Munthu wotero mantha amamuchepera, ndipo mantha ndi gawo lalikulu la kudwala.

Tisaiwalenso kuti popanda kubwereza, malemba amenewa sakanatifika. Kwa zaka mazana angapo ziphunzitso za Buddha zinkasungidwa pamtima, magulu a amonke akunena pamodzi kuti wina akaphonya anzake amukonze, mpaka pamene zinalembedwa pamasamba a mgwalangwa ku Sri Lanka m'zaka 100 zomaliza Khristu asanabadwe, nthawi ya mfumu Vattagamani, njala ndi nkhondo zitaopseza kutha osunga mawuwo.

Malire amene sindingagonjepo ndi a mankhwala. Buddha anali ndi dokotala wake, Jivaka, ndipo ankalandira chithandizo chake. Mankhwala ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene mmonke amaloledwa kukhala nazo, pamodzi ndi chakudya, chovala ndi pogona. M'buku la malamulo a amonke muli nkhani ya mmonke wodwala m'mimba amene anagona m'zonyansa zake, anzake atamutaya poti sankawathandiza kanthu. Buddha atamupeza anatuma Ananda, mmonke amene ankamutumikira, kukatunga madzi. Iye ankathira, Ananda akusambitsa, kenako anamunyamula wina kumutu wina kumiyendo n'kumugoneka pakama. Atatero anasonkhanitsa amonke n'kuwauza kuti alibe mayi kapena bambo wowasamala, ndiye akapanda kusamalana okha adzawasamala ndani. Amene akufuna kutumikira iye atumikire odwala. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, amonke a ku Sri Lanka ndi ku Thailand ananena Ratana Sutta pa wailesi ndi pa kanema kuti anthu alimbe mtima, ndipo sindiona cholakwika pamenepo. Cholakwika chimayamba pamene wina wauza wodwala kuti asiye mapiritsi chifukwa mawu akwanira. Wotero alibe malemba kumbuyo kwake, ngakhale atanena Chisansikiriti chosalala bwanji.

Ndibwerere ku minga ija. Nagasena anati kusakhulupirira kumalepheretsa paritta, ndipo lemba la Chifundo Chachikulu nalo limapatula munthu wokayika. Ndikumvetsa chimene akutanthauza: mawu onenedwa mtima uli kwina sagwira munthu. Koma ndime yotere ikagwera m'manja olakwika imasanduka chikwapu. Mwana akamwalira, mayi amene anachezera usiku akubwereza mawu amauzidwa kuti chikhulupiriro chake chinachepa, kapena kuti ndi zimene anachita m'moyo wapitawo. Lonjezo limatuluka loyera, wolira ndiye n'kusenza mlandu. Nkhanza imeneyi si ya chipembedzo chimodzi, ndipo kulikonse kumene ili iyenera kutsutsidwa.

Malemba a Chibuda ali nazo zida zoitsutsira. Woyendayenda wina dzina lake Sivaka anafunsa Buddha ngati n'zoona kuti chilichonse chimene munthu akumva, chowawa kapena chokoma, chimachokera ku zimene anachita kale. Buddha anati onena zimenezo akupyola malire a zimene akudziwa, ndipo akulakwa. Anatchula zoyambitsa zina: ndulu, makhololo, mpweya wa m'thupi, kusakanikirana kwa zitatuzi, kusintha kwa nyengo, kusadzisamala, ndi kuvulazidwa ndi ena. Zipatso za ntchito zakale anaziika pomaliza, chimodzi mwa zisanu ndi zitatu. Iye mwini msana unkamupweteka atakalamba, ndipo anamwalira ku Kusinara ali ndi zaka 80 atadwala m'mimba, pakati pa ophunzira ake.

Kisa Gotami, mayi wa ku Savatthi, mwana wake mmodzi yekhayo atamwalira anayenda naye m'manja khomo ndi khomo kufuna mankhwala, anthu n'kumati wazungulira mutu. Atafika kwa Buddha, anamuuza kuti akapeze njere za mpiru kunyumba imene sinaonepo maliro. Mpiru unalipo paliponse, koma nyumba yotero sanaipeze, ndipo pofika madzulo anali atamva za maliro a mudzi wonse kuchokera kwa eni ake. Anakamusiya mwanayo kumanda, anabwerera kwa Buddha, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa amonke aakazi odziwika. M'nkhani yonseyo palibe pamene Buddha anamufunsa ngati ankanena mawu achitetezo mwanayo akudwala, kapena ngati anakayikapo.